Ng'ona pa Bedi la Amayi

Bakha analowa pabalaza Azakhali ali pakati pofotokozera alendo mmene mlongo wawo anatsirizikira. Anali bakha wapulasitiki, wachikasu, wamlomo wofiira, ndipo pabowo la pakati pake panali kamtsikana ka zaka zinayi kovala kabudula yekha. Kanadutsa m'miyendo ya anthu odzapepesa maliro, mchira wa bakha n'kugwetsa kapu ya tiyi ya bambo wina, kenaka kanaima pamaso pa mayi ake n'kufunsa ngati Loweruka lafika.

"Lero ndi Lachitatu," anatero mayi ake chapansipansi. "Pita panja."

"Ndiye mawa?"

"Mawa ndi Lachinayi. Panja."

Mayi ameneyu ndiye banja lonse linkamutcha Kapitawo. Dzinalo anamupatsa ndi abambo ake, malemuwo, iye akadali wamamina, chifukwa ngakhale pamasewera sankalola mnzake kugwira chidole popanda chilolezo. Anakula nalo, anakwatiwa nalo, ndipo pamaliro pano linamukhala bwino zedi: ndiye ankadziwa kumene mipando inabwerekedwa, amene wadya ndi amene wadya kawiri. Kamtsikana kake ankakatcha Wayilesi, ndipo munthu akakhala nako kanthawi kochepa sankafunsanso chifukwa chake. Wayilesi anali ndi alongo ake awiri, mapasa, amene nthawi imeneyo ankamveka panja akulimbirana chinthu chimene posachedwa chikhala chitathyoka.

Bambo wa tiyi uja anapukuta thalauza lake n'kunena kuti palibe kanthu, ana ndi ana. Azakhali sanaone choncho. Anadikira kuti alendo atuluke pageti n'kumuitanira Kapitawo kukhitchini, kumene milandu yonse ya banjali inkazengedwera. Anati nyumba ino ndi ya maliro, si sitolo ya zidole. Anati dothi la pamanda silinaume n'komwe, koma mwana akuyenda ndi bakha m'chiuno ngati kuli ukwati. Kenaka anatsitsa mawu, ngakhale mawu otsitsa a Azakhali ankafika ndithu kwa aneba, nati iwo akudziwa chimene chinamaliza mlongo wawo. Adokotala anene zawo za mtimazo. Ndi ng'ona ija.

Ng'onayo inalipodi. Inali yobiriwira, yaitali kuposa munthu wamkulu, yokhala ndi zogwirira ziwiri pamsana, ndipo inkamwetulira ngati ikudziwa kanthu. Malemu anaigula pamodzi ndi bakha atalonjeza zidzukulu kuti Loweruka lomaliza la tchuthi adzapita nazo kunyanja. Ng'ona inali ya mapasa, bakha wa Wayilesi. Anawo madzi aakulu anali asanawaonepo. Kumene ankakhala ndi makolo awo, madzi ochuluka anali a m'bafa. Lonjezolo silinali longonena podutsa ayi. Agogo anagwirana chanza ndi mdzukulu aliyense payekhapayekha, maso ndi maso, monga achitira akuluakulu akamaliza nkhani.

Malemu anali womata matayala moyo wawo wonse, pashedi ya malata m'mbali mwa msewu, ndipo sankakhulupirira chinthu chilichonse chosunga mpweya. Tayala latsopano lochoka kumene m'sitolo ankaliyang'ana ngati mboni yonama. Choncho zoseweretsazo zitangofika, anakhala nazo pakhonde n'kuyamba kuziuzira ndi pakamwa, masaya atatupa, misempha ya m'khosi itaima. Pampu anali nayo inde, koma ankati pampu ilibe chisoni, siidziwa polekera. Atamaliza anazimiza m'beseni la madzi mbali ndi mbali kufuna thovu, koma sanalipeze. Komabe analamula kuti zikhale choncho zofufuma mpaka tsiku la ulendo, chifukwa bowo laling'ono ndi lochenjera, limaulula pakapita masiku. M'mawa mwake anapita kushedi monga mwa nthawi zonse, anakhala pa tayala lakale kudikira makasitomala, ndipo kasitomala woyamba anawapeza atatsamira khoma ngati akugona.

Kapitawo anawamvetsera Azakhali mpaka anamaliza, zimene zinatenga nthawi ndithu. Kenaka anati ulendo ulipo. Lamlungu iye ndi banja lake akubwerera kwawo, Lolemba sukulu zikutsegulira, ndipo akapanda kupita Loweruka lino, chinthu chomaliza chimene ana adzakumbuke cha agogo awo n'chakuti anawanamiza. Ananena zimenezi akupukuta mbale youma kale, poopa kuti akayang'ana munthu kumaso alira. Masiku onse a maliro anali asanalire bwinobwino. Ntchito sinamupatse mpata, ndipo iyenso mpatawo sankaufuna.

"Nanga anthu adzati chiyani?" anafunsa Azakhali.

"Anthu adya, apita, Azakhali."

Azakhali anati iwo kumeneko sapondako, ngakhale wina atawabereka kumsana.

Kukonzekera ulendo wa ana atatu kunakhala kovuta kuposa maliro enieniwo. Pamaliro aliyense amadziwa malo ake, ndipo mwini wake sadandaula. Koma apa mapasa anafuna kutenga fosholo yeniyeni ya m'munda, nati akakumba mpaka apeze pansi pa nyanja. Wayilesi anafuna kudziwa ngati nsomba zimaluma anthu osawadziwa, ngati nyanja imatseka nthawi ya nkhomaliro, ndiponso amene amathiramo madzi akachepa. Mulu wa katundu unayamba m'khonde la m'kati ndi matawulo okha, koma pofika Lachinayi masana munthu sakanadutsa osaponda chipewa kapena kukodwa ndi ambulera yaikulu imene inakana kupindika. Kapitawo ankalongedza zovala zosinthira, n'kupeza mapasa azivala kale, n'kuwavula, n'kulongedzanso. Mafuta odzola podziteteza ku dzuwa anawapeza atatha, chifukwa Wayilesi anali atadzoza bakha.

Azakhali, amene sankapita nawo, ndiwo anali ndi maganizo ochuluka. Anati mazira awiritsidwe olimba chifukwa ofewa amaonongeka panjira. Anati buledi asapakidwe batala kunyumba, akasungunuka. Anati ana adye kaye asanalowe m'madzi, kenaka anasintha nati adye atatuluka, kenaka anati nkhani imeneyo si yawo. Madzulo ake anauza khoma la kukhitchini kuti pali anthu ena amene akakhala kumbuyo kwa galimoto amachita chizungulire.

Mwamuna wa Kapitawo anali mphunzitsi wofatsa, amene panyumbapa aliyense ankangomutcha Mkamwini, mpaka ana ake omwe nthawi zina. Masiku onse a maliro ankanyamula mipando, kutumidwa kugula makandulo, ndi kupepesa anthu amene amuponda phazi. Ndiye anayang'ana mulu wa katunduwo, anayang'ana galimoto, n'kunena kuti anthu onse akwana bwinobwino, bola ng'ona iphwetsedwe, akakaiuzirenso kugombe. Ananena mofulumira kuposa mmene ankalankhulira nthawi zonse, ndipo anadzipereka yekha kukaiphwetsa pomwepo. Koma pamene inkakhala, pamwamba pa kabati, panalibe ng'ona.

Kapitawo anaipeza kuchipinda kwa Amayi, mkazi wa malemu. Chibwerere kumanda Amayi anali asanatuluke m'chipindacho kupatula popita kubafa, ndipo chakudya chinkabwerera kukhitchini mmene chinapitira. Anawapeza atakhala pabedi, atatambasula miyendo. Pambali pawo, kumene Abambo ankagona, panagona ng'ona, mutu uli papilo, bulangete atalifunditsa mpaka m'khosi.

"Amayi, ng'onayi tikufuna tiiphwetse kuti ilowe m'galimoto."

Amayi anaika dzanja pamsana pake.

"Muli mpweya wa abambo ako umu," anatero. "Zovala ndi nsalu chabe, nsapato ndi nsapato. Koma uwu unatuluka m'chifuwa mwawo. Wina kulibenso kwina kulikonse."

Amayi ulendo sanaukane. Anati ana apite, Abambo analonjeza. Koma ng'ona ipite yathunthu kapena itsale yathunthu, ndipo ikapita, iwonso apita nawo kuti aziiyang'anira. Mawu omalizawa anamusangalatsa Kapitawo kuposa mmene anaonetsera, chifukwa anali atayamba kuopa kuti chipindachi chiwameza Amayi. Anakafunsa mapasa ngati angapite popanda ng'ona. Anayang'anana, n'kuyankhira pamodzi kuti agogo anati adzakwera ng'ona. Nkhani inathera pomwepo.

Lachisanu linathera pa kuyesa. Amayi anaibwereketsa ng'onayo ndi malangizo ochuluka, n'kukaima pazenera kuonerera. Mkamwini anailowetsa mutu kutsogolo, mchira unatulukira kubuti, chitseko osatsekeka. Anailowetsa mchira kutsogolo, mutu unatulukira pazenera n'kumamwetulira aneba, amene tsopano anali atabweretsa mipando pakhonde pawo. Anaipingasa, inatseka galasi loonera kumbuyo ndi theka la dziko. Anatenga chingwe kuti aimange padenga, koma Amayi anagogoda galasi la zenera ndi mphete mpaka anasiya. Uthenga unabwera kudzera mwa Wayilesi wakuti chingwe chiidula, dzuwa liiphulitsa, ndipo nthambi za m'njira sizidziwa kuti mwafa munthu.

Kenaka mmodzi wa mapasa anati mwina munthu wina atsale. Palibe anatchula dzina, koma maso onse anapita okha kwa Azakhali, amene anaima chapatali atapinda manja.

"Ndiye magazi anu enieni muwasiye chifukwa cha chinyama chimene chinapha mlongo wanga?"

Kapitawo anawakumbutsa mwaulemu kuti iwo anati sapondako. Azakhali anati kusapita ndi kwina, kusiyidwa ndi kwina, ndipo mwana woleredwa bwino amadziwa kusiyana kwake. Anayesabe kupinda mpando umene ukanakhala wa Azakhali, koma ngakhale choncho woyendetsa sakanatha kusintha giya popanda kupisa dzanja kukhosi kwa ng'ona. Dzuwa likupendeka anaipukuta fumbi n'kukaibwezera pabedi.

Ndi nthawi imeneyo pamene Mkamwini anamukokera mkazi wake kuseri kwa galimoto. Anayamba ndi kutsokomola, kenaka anapukuta magalasi ake, kenaka anati pali kankhani. Kapitawo anamuuza kuti anene msanga mazira ali pamoto.

Kankhaniko kanali aka. M'mawa wa tsiku loika maliro, anthu ali pikitipikiti, mapasa anaitsitsa ng'ona pakabati n'kupita nayo kuseri kwa nyumba. Anailumphira onse awiri nthawi imodzi, kachivindikiro kanafwamphuka, ndipo pofika iye inali itaphwa yonse, yagona pansi ngati chikopa. Anyamatawo ankalira mosatulutsa mawu poopa mayi awo. Ndiye iye anainyamula, anadzitsekera nayo m'bafa, n'kuiuzira yekha ali m'suti yake yakuda. Anatuluka akudzandira, maso ali psu, misozi ikuyenderera, ndipo azimayi amene anakumana naye pakhomo anauzana kuti sanaonepo mkamwini wokonda apongozi ake ngati ameneyu. Wina anamubweretsera madzi akumwa. Nthawi imeneyo sankadziwa kuti mpweyawo udzakhala nkhani.

Kapitawo anatsitsa mawu.

"Bambo a mapasa, ndiye Amayi akugona ndi chiyani?"

Mkamwini anathyolera khosi pansi. Anati funso limenelo lakhala likumusowetsa tulo, ndipo akadakonda lisayankhidwe mokweza.

Mazira anapsa mpaka madzi anauma mumphika. Kapitawo anawachotsa pamoto osawaona. Tsopano kiyi wa ulendo anali m'manja mwake: mawu ochepa chabe, ng'ona iphwa, aliyense akwera. Koma dzulo lomwelo Amayi anali atamaliza mbale yonse ya chakudya koyamba chichitikire malirowo, ndipo anamveka akung'ung'udza kanyimbo. Chimene chinawadzutsa chinali bodza, inde, koma bodza limene palibe analikonza, ndipo linkagwira ntchito kuposa mapepeso onse amene analowa m'nyumbamo. Kuwalanda zimenezo kunali ngati kuwauzanso kachiwiri kuti Abambo amwalira.

Loweruka m'mawa Kapitawo ananyamula kapu ya tiyi n'kupita nayo kuchipinda, atavala zilimbe. Chitseko chinali chotseguka pang'ono. Anamva Amayi akulankhula ndi mawu aja a nkhani za m'nyumba, amene ankamva ali mwana akamadutsa pakhomo pomwepa. Ankafotokoza amene anabwera kumaliro ndi amene anangotumiza moni. Ankati mnzawo uja wa pashedi yoyandikana analira kuposa abale, pamene zaka zonsezi ankawabera makasitomala. Ankati bokosi linali labwino, asadandaule, ndipo tayi anawamanga yabuluu ija. Kenaka anaseka pang'ono n'kudikira, monga munthu adikira yankho.

Kapitawo anabwerera ndi tiyi wake. Anaganiza zoti ulendo ulephereke basi. Ana amaiwala, anadziuza choncho. Akawagulira zozizira panjira mawa, akawalonjeza tchuthi china. Anatuluka panja kukawauza, akukonza mawu mumtima.

Anawapeza ali kale m'galimoto. Anakhala mondondozana kumbuyo, zipewa kumutu, malamba atamanga okha, wa Wayilesi atadutsa pamwamba pa bakha. Mapasa sankamenyana. Wayilesi, amene ngakhale kutulo ankalankhula, anali chete, milomo ataifinya ndi zala zake. Kutsogolo kunakhala Azakhali ndi chikwama pamiyendo ndi dengu la mazira kumapazi, ndipo anafulumira kunena kuti akungoyesa mpando. Kapitawo anafunsa anawo chimene chawachititsa ulemu wotere. Mmodzi wa mapasa anayankha monong'ona kuti agogo anati wochita phokoso m'mawa wa ulendo atsala.

Kapitawo anaima pakati pa nyumba ndi galimoto, kapu ya tiyi ikuzizira m'manja, ndipo kwa nthawi yoyamba anawapsera mtima Abambo ake. Munthu wotani wolonjeza ana n'kufa? Munthu wotani woopa kabowo kosaoneka, koma osaona zimene wasiyira mwana wake? Akanakhalapo akanathetsa nkhaniyi asanamalize n'komwe tiyi wawo. Ndipo ankadziwanso, zimene zinamupweteka kwambiri, kuti akanaithetsa mbali ya ana. Anakhuthulira tiyi pamaluwa n'kulowa m'nyumba.

Sanazungulire. Anakhala kumiyendo kwa bedi n'kunena zonse: mapasa, kachivindikiro, bafa, suti yakuda. Amayi anamvetsera dzanja lili pamsana pa ng'ona. Nkhani itafika pa bafa, dzanjalo linayamba kubwerera pang'onopang'ono, ngati la munthu amene wazindikira kuti wagwira chikwama cha mwini m'basi. Anasuntha kukhala m'mphepete mwenimweni mwa bedi. Anakokera bulangete n'kudzifunditsa mpaka pachibwano.

"Ukunena kuti masiku onsewa," anatero, n'kuima kaye. "Masiku onsewa ndakhala ndikuuza akamwini?"

"Pepani, Amayi."

"Ndinawauza za Azakhali ako. Ndinawauza za iwo omwe, kuti munthu wabwino koma akamayenda ngati akupepesa nthaka." Anayang'ana ng'ona, ng'ona ikumwetulirabe papilo. "Ndinawafunditsa bulangete la abambo ako."

Phewa lawo linayamba kugwedezeka. Kapitawo anaganiza kuti akulira, koma kunali kuseka, kuseka kwenikweni kogwira m'mimba, kumene kunamutenga nayenso osafuna. Anaseka mpaka kupuma kunavuta. Ndipo palibe amene anadziwa pamene kusekako kunasinthira, koma anapezeka atakumbatirana, akulira mokweza ngati uthenga wangofika kumene. Kapitawo analira misozi ya sabata yonse pakhosi pa mayi ake, ndipo palibe mpando kapena mlendo amene anamuitana.

Atatopa, Amayi anapukuta nkhope ndi ngodya ya bulangete.

"Ndiye palibe chimene chatsala," anatero.

Kapitawo anati bakha alipo. Chimwalirire agogo ake, Wayilesi anali asanamuvule. Ankadya naye, kugona naye chokhala ngati munthu wa m'basi, ndipo posamba ankamukwezera m'khwapa. Mapasa anayesa kumugwira kamodzi, ndipo mmodzi akadali ndi chizindikiro cha mano padzanja. Pakamwa pa munthu wina aliyense sipanafikepo.

Amayi anadzuka, anatsegula kabati, anasankha diresi, n'kumuuza Kapitawo kuti atembenuke. Atavala anaigwira ng'ona kumchira n'kuikoka m'khonde lonse, mutu ukugunda mafelemu a zitseko, mpaka panja. Mkamwini anali ataima pafupi ndi geti, pamalo poti zinthu zikavuta athe kuthawa.

"Akamwini," anatero Amayi, osawayang'ana kumaso, "tengani mpweya wanu."

Mkamwini anagwada n'kutsegula kachivindikiro. Kuti ziyende msanga anaikhalira pamsana, ndipo ng'ona inatulutsa kulira kwakutali, kopyapyala, kosayenera pakhomo pa maliro. Mapasa anapirira mmene akanathera, masaya atatupa, kenaka anaphulika. Wayilesi anamasula milomo n'kuyamba kufotokozera aliyense chimene phokosolo likufanana nacho. Azakhali anati ndi mmene zinthu zoipa zimathera, ndipo anapempha kuti wina awapatsire lamba chifukwa sakumupeza. Ng'ona inapindidwa n'kulowa pansi pa matawulo, osatenga malo oposa a thalauza.

Panjira anaima kangapo, poyamba chifukwa cha mapasa, kenaka chifukwa cha Wayilesi amene poyamba paja anati alibe mkodzo, kenaka chifukwa cha Azakhali amene anati akungowongola miyendo. Amayi anakhala pafupi ndi Wayilesi, dzanja lawo litazungulira mwana ndi bakha yemwe. Galimoto ikagunda bampu ankatchinga mutu wa bakha kuti usakhudze chitseko. Sanalankhule zambiri, koma ankayang'ana panja, ndipo anadya dzira limodzi.

Anafika dzuwa lisanafike pamutu. Madzi ataonekera kuseri kwa mitengo, m'galimoto munagwa bata. Ana anatsika n'kuima pamchenga atagwirana manja, pakamwa pali yasa. Mmodzi wa mapasa anafunsa kuti mbali inayo ili kuti. Ambulera imene kunyumba inakana kupindika, kuno inakana kuima, ndipo Azakhali anailondola ndi mawu mpaka inagonja. Mkamwini anakhala pansi n'kuyamba kuuzira ng'ona, ndipo aliyense anavomereza kuti ntchitoyi akuidziwa. Posakhalitsa mapasa anali m'madzi ofika m'mawondo, bambo awo ali pambuyo thalauza atapinda, akulimbirana amene akhale kumutu.

Wayilesi anakoka dzanja la agogo ake kuti nayenso azipita. Amayi sanamusiye. Pakuwala kwa panja bakha ankaoneka mmene analili: khosi linali litagwera mbali imodzi, m'mbali munali makwinya, ndipo ankatsetsereka m'chiuno mwa mwana mpaka kumugwira ndi dzanja. Sabata yathunthu ya kudya, kugona ndi kulimbana ndi mapasa inali itamudya pang'onopang'ono. Amayi anadina ndi chala, chala chinalowa osabwerera msanga.

Kapitawo anaona zimenezo n'kugwada pafupi. Anati bakha atsale pathawulo, pamthunzi. Mwana akasewera m'mphepete momwemu, iye amugwira dzanja, ndipo madzulo Amayi abwerera naye bakhayo kunyumba mmene alili, palibe amene adzamukhudze. Wayilesi anayamba kukoka mpweya wokonzekera kulira, koma mayi ake anamuyang'ana ndi diso lija limene linapatsa mayiyo dzina la Kapitawo.

Amayi anayang'ana madzi, kumene mafunde ang'onoang'ono ankagubuduza ana a anthu ena. Anayang'ana mdzukulu wawo, amene anagwira khosi la bakha ndi manja onse awiri.

"Anagulira mwana, sanagulire ine," anatero. "Koma chofewa chonchi abambo ako sakanalola chinyamule munthu."

Anagwada pamchenga, diresi lawo labwino lija osalisamala. Anamutembenuza mwana, anapeza kachivindikiro pansi pa phiko, n'kukatsegula ndi chikhadabo. Kampweya kochepa kanatuluka n'kuwapemerera kumaso. Amayi anatsinzina. Anakhala choncho kanthawi, mphuno ili pafupi, ndipo Kapitawo anaona nsidze zawo zikukwera pang'onopang'ono.

"Fodya," anatero Amayi. "Munthu ameneyu anandilumbirira kuti anasiya."

Anapukusa mutu, anapukuta diso limodzi ndi kuseri kwa dzanja, n'kuika milomo pamenepo. Anauzira, napuma, nauziranso, mpaka makwinya anatha ndipo khosi la bakha linadzuka. Anadina ndi chala, anaonjezera pang'ono, n'kutseka. Kenaka anaika khutu pakachivindikiro kumvetsera, ndipo atakhutira anamukankha mwana pang'ono kumsana kuti azipita.